Kalata yochokera ku Dar es Salaam

Okondedwa Achimwene,

Ine kuno ndili bwino, kungoti kukutentha kuposa kwathu ku Mangochi mwezi wa Okutobala.

Nkhani ya mwana wasukulu amene munati anagundidwa ndi galimoto pa msewu wopita ku Monkey Bay yandisowetsa tulo. Munati mwakhala mukupempha mahampu koma palibe chikuchitika. Ndiye tamverani zimene ndaphunzira kuno.

Kuno kuli bungwe lotchedwa Amend. Iwowa sayamba ndi simenti ayi. Amayamba apeza sukulu zimene ana ake amavulala kwambiri pamsewu, nkufunsa anawo njira zimene amadzera, kuwerenga anthu owoloka, ndi kuyeza liwiro la magalimoto. Akatero ndi pamene amaika mahampu, zikwangwani, malo owolokera ndi kanjira ka oyenda pansi, pamalo enieni pamene manambala aloza. Ofufuza atabwerera anapeza kuti kuvulala kwa ana kwatsika ndi 26 pa 100 alionse, ndipo mu 2019 ntchitoyi inalandira mphotho yapadziko lonse.

Tsono taganizani zakwathu. Kuyambira pa mlatho wa Bakili Muluzi kudzera pamsika mpaka kukafika ku Makawa, ndani amene amadzaza msewu? Ndi akabaza, amayi osenza madengu a usipa, ana opita ku sukulu ndi ku madrasa, anyamata okankha njinga zamakala. Koma pokonza msewu, chimene chimawerengedwa mosamala ndi magalimoto. Wakabaza akakankhidwira m'ngalande, amamvana ndi dalaivala pompo, apatsidwa kangachepe kogulira sipoko, nkhani yathera pomwepo. Kupolisi sizifika. Ndiye m'mabuku a boma malowo amaoneka ngati abwinobwino, pamene ife tikudziwa kuti pamapweteka anthu mwezi ndi mwezi. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, Achimwene.

Inu ndinu wapampando pa siteji yanu ya akabaza, ndipo anyamata amakumverani. Gulani kope. Ngozi iliyonse, ngakhale yongosupuka khungu, muzilemba tsiku, nthawi, malo enieni, ndi chimene chagunda chinzake. Tsiku lamsika mukhazike mnyamata mmodzi pamphambano, awerenge njinga ndi oyenda pansi kuyambira 6 koloko mpaka 8 koloko m'mawa. Aphunzitsi aakulu athandize kulemba kumene ana amawolokera. Pakatha miyezi itatu mutengere kopelo kwa akhansala, lipite ku khonsolo, kwa apolisi apamsewu ndi ku Roads Authority. Wopempha atanyamula manambala savuta kumumvera.

Ndalama ya kope ndi zolembera ndiphatikiza pa ija ndikutumiza kumapeto kwa mwezi. Amayi muwauze kuti chitenje chawo ndagula kale ku Kariakoo. Mukapepese m'malo mwanga kubanja la mwana uja, ndipo mundiuze mmene akupezera.

Ine mng'ono wanu.