Tsiku Limene Tinalisuntha Pansi pa Mtengo wa Mango

Tikusimbirani nkhani ya pakhomo pathu. Si nkhani yonyaditsa, ndipo tinazengereza kwa nthawi yaitali tisanailembe. Koma nyengo ya maukwati ikayandikira, mabanja ambiri kuno ku Mkanda amayamba kuimba mafoni ku Joni kuitana ana awo, ndipo mwina wina angalambalale dzenje limene ife tinagweramo.

M'mimba mwa amayi athu tinabadwamo asanu. Achemwali athu aakulu anapita ku Johannesburg mu 2016, ndipo amagwira ntchito yosamalira gogo wina amene satha kuyenda yekha. Ndi iwo anatilipirira sukulu, ndi iwonso anakhoma malata pa nyumba ya amayi. Choncho mu 2023, ankhoswe atagwirizana kuti ukwati wa chitsiriza wathu udzadalitsidwe Loweruka pa 25 Novembala, ife atatu apakati tinapangana kuti ulendo uno ifenso tiwachitireko kanthu: tiwagulire tikiti ya ndege. Sitinachite izi pofuna matama. Abwana awo anawapatsa sabata imodzi yokha, ndipo basi yochokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete imadya pafupifupi masiku awiri pobwera ndi awiri enanso pobwerera. Ndege imafika pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi tsiku lomwelo.

Tinasonkhanitsa ndalama za soya ndi mtedza, ndipo mu Seputembala tinalawira m'mamawa mpaka pa Boma, n'kukwera minibasi yodzera pa Kamwendo, Namitete ndi Msundwe. Ku Lilongwe tinalowa mu ofesi ina yogulitsa matikiti a maulendo. Mayi amene anatilandira anatembenuza kompyuta yake n'kutionetsa mitengo itatu ya ndege imodzi yomweyo, tsiku limodzi lomwelo. Ife tinaseka. Ndani angalipire zambiri pa mpando womwewo? Tinaloza mtengo wapansi. Mayiyo anayamba kufotokoza za malamulo a tikitiyo, koma ife maso anali pa wotchi, poopa kuti mdima ungatipeze tisanafike ku Mchinji. Tinangogwedeza mitu. Pepala limene anatipatsa linali ndi ndime yaitali ya malembo aang'onoang'ono kumunsi kwake, ndipo tinalipinda n'kuliika m'thumba la chitenje cha amayi osaliwerenga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pa 9 Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi imene inkagulitsidwa pa K1,180 inafika pa K1,700. Masiku ochepa okha, mafuta ophikira, shuga ndi mpunga zinakwera pa msika wa Mkanda, ndipo ndalama zimene a kuchimuna anasungira phwando zinasanduka zosakwana. Lamulungu lotsatira ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pansi pa mtengo wa mango kwa amayi. A kuchimuna anapempha masabata angapo oti asakesake. Koma Adiventi inali kuyamba pa 3 Disembala, nyengo imene mwachizolowezi sitichita chisangalalo cha ukwati, ndiye tsiku loyamba lopezeka linali Loweruka pa 30 Disembala. Zokambirana sizinathe ngakhale ola limodzi. Anthu anaomba m'manja, tinamwa thobwa, aliyense n'kubwerera kwawo wokhutira kuti nkhani yatha mwamtendere.

Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula achemwali. Ifenso, eni tikiti, tinali pomwepo ndipo tinaomba nawo m'manja. Ndi usiku, tikudya, pamene amayi anaika mbamu pansi n'kufunsa kuti, "Kodi mwana wanga wa ku Joni mwamufunsa?"

Kumudzi kusuntha tsiku si nkhani. Maliro akagwa, msonkhano umaimitsidwa. Mvula ikagwa usiku, onse amapita kukadzala ndipo zina zonse zimadikira. Ngakhale pa siteji, ukachedwa minibasi iyi umakwera inzake pa mtengo womwewo. Tinakula tikudziwa kuti tsiku ndi chinthu chofewa chimene anthu amachipinda mogwirizana. Choncho tinabwerera ku Lilongwe Lachiwiri tili ndi mtima woti tikangopempha kuti afufute 23 Novembala alembepo 28 Disembala, mwina n'kulipirapo kangachepe ka pepala.

Mayi uja anatikumbukira. Anatipempha nambala ya zilembo zisanu ndi chimodzi imene ili pamwamba pa pepala, imene imatsegula mbiri yonse ya ulendo mu kompyuta, ndipo ulendo uno tinamvetsera. Anatiuza kuti mipando ya m'ndege imagawidwa m'magulu odziwika ndi zilembo, monga Y, M, Q kapena V. Anthu awiri akhoza kukhala moyandikana, kudya chakudya chofanana, koma alipira mosiyana kwambiri. Chimene walipira zambiri wagula si mpando wofewa, koma ufulu wosintha maganizo. Gulu lotsika mtengo limakhala ndi mipando yochepa, limatha msanga, ndipo limamangirira munthu pa tsiku limene anasankha. Mitengo itatu ija tinaiseka inali mitengo ya malonjezo atatu osiyana, ndipo ife tinalonjeza lolimba koposa onse, m'dzina la munthu amene sitinamufunse.

Kenako anayamba kulemba manambala pa kapepala. Choyamba chinali chindapusa chosinthira tsiku, madola 100. Kwacha isanagwe akanakhala K118,000. Tsiku limenelo anali K170,000. Tinapuma mozama, n'kuganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Sinathere. Pa 28 Disembala, nyengo imene aliyense wa ku Joni akufuna kubwera kwawo, mipando ya gulu lathu inali itatha kalekale. Achemwali anayenera kukwezedwa kupita m'gulu lapamwamba, ndipo kusiyana kwa mitengo iwiriyo kunali kwathu kulipira. Ndalama imeneyi inaposa chindapusa chija. Pamwamba pake panabwera kusiyana kwa misonkho ya pa mabwalo a ndege, imene amaiwerengeranso mwatsopano, ndi kandalama ka ofesiyo pa ntchito yolembanso tikiti. Tinafunsa ngati achemwali sangapite okha ku ofesi ya kampani ya ndege ku O.R. Tambo kukadandaula. Yankho linali lakuti tikiti yogulidwa kudzera kwa ejenti kawirikawiri imasinthidwira kwa ejenti yemweyo.

Tinatuluka panja n'kuimbira amalume, amene anakhalako ku Chipata zaka zambiri ndipo amadziwika kuti sasowa njira. Nzeru yawo yoyamba inali yakuti tikitiyo tiigulitse kwa wina wofuna kubwera mu Novembala. Sizitheka: tikiti imalembedwa dzina la pa pasipoti ya munthu mmodzi, ndipo sipatsidwa kwa wina. Nzeru yachiwiri inali yochenjera kwambiri. "Mlekeni asakwere pa 23," anatero amalume. "Abwere pa basi mu Disembala, ife tingosintha tsiku lobwerera lokha." Mayi uja anapukusa mutu. Munthu akapanda kukwera chigawo choyamba cha ulendo osanena, kompyuta imafufuta zigawo zonse zotsala, ndipo pamabwera chindapusa china cha kusaonekera, choposa cha kusintha. Anatichenjeza kuti chilichonse chimene tisankhe, tichite ndege ya pa 23 isananyamuke. Kubweza ndalama nakonso kunali kosatheka pa gulu lathu, kupatula mwina gawo la misonkho.

Tinafunsanso ngati palibe chifundo. Anatiuza kuti kampani ya ndege ikasintha yokha nthawi kapena kuimitsa ulendo, wokwera amasamutsidwa ulere. Makampani ena amachotsa chindapusa pakagwa maliro a wachibale weniweni, ngati waonetsa chikalata cha imfa, koma zimenezo n'zopempha, si ufulu. Ukwati wosunthidwa ndi ankhoswe sulembedwa m'buku lililonse la zifukwa. Pano tivomere kuti mmodzi wa ife ananong'oneza kuti mwina tinene kuti kwagwa maliro. Tinayang'anana, ndipo manyazi anatigwira tonse. Sitinalankhulenso za zimenezo.

Kodi chindapusa chotere n'chachilungamo? Takhala tikutsutsana pa zimenezi. Mbali ina tikumvetsa: ndege ikanyamuka ndi mpando wopanda munthu, mpandowo sungagulitsidwenso, uli ngati tomato wa pa msika amene sadikira mawa. Koma kusintha tsiku mu kompyuta kunatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo mpando wa pa 23 Novembala anali ndi pafupifupi sabata imodzi yougulitsa kwa wina. Ku America, mu Ogasiti 2020, matenda a Covid-19 atasowetsa okwera, makampani a United, Delta ndi American anachotsa chindapusa cha madola 200 pa maulendo ambiri a m'dziko mwawo, ndipo ndege sizinaleke kuuluka. Kumeneko makampani amalimbirana okwera. Kuno ndege zochokera ku Johannesburg n'zowerengeka pa zala, ndipo munthu wa ku Mkanda alibe kwina kothawira. Komabe sitingaloze chala mayi uja. Malamulo anatiuza mu Seputembala, ife n'kumayang'ana wotchi.

Madzulo amenewo tinaimbira achemwali pa WhatsApp, ndipo ndi pamenepo tinamva mtengo umene sunali pa kapepala. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ana inu, mukudziwa kuti sabata imeneyo ndinaipempha mu Julayi?" Anafotokoza kuti kumapeto kwa Disembala ana a gogo uja amapita kutchuthi kunyanja, ndipo ndi nthawi imene iwo amafunika pakhomopo usana ndi usiku. Kuti achoke, anayenera kupeza munthu wogwirizira ntchito, kumulipira kuchokera m'thumba mwawo, n'kupemphera kuti abwana asamukonde wogwirizirayo kuposa iwo. Kwa mlendo m'dziko la eni, ntchito ikachoka m'manja sibwerera msanga. Sanakalipe. Anangofunsa funso limodzi limene mpaka lero limatilasa: "Pamene munkasuntha tsikulo, dzina langa linatuluka pakamwa pa ndani?"

Tinalibe yankho. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri tinazolowera kuti wa ku Joni ndi munthu wongouzidwa zimene zagamulidwa, ndipo iye n'kutumiza ndalama. Denga likadontha, timamuuza. Feteleza akakwera, timamuuza. Sitinkaganiza kuti nayenso ali ndi kalendala, ali ndi womulamula, ali ndi masiku amene anawapempha atagwada. Tinkafuna kuwathokoza ndi tikiti, koma ngakhale mphatsoyo tinaiyendetsa mwachizolowezi chathu chakale.

Achemwali anati atumiza marandi oti tilipirire kusinthako. Tinakana, ndipo pa chinthu chimodzi chimenechi tinagwirizana tonse atatu popanda kukangana. A kuchimuna titawafikira anati imeneyo ndi nkhani ya banja lathu, ndipo sitinafune kuipitsa ubale usanayambe n'komwe. Tinagulitsa mbuzi ziwiri za amayi, atatiloleza, ndi matumba anayi a chimanga amene tinasungira nyengo ya njala. Matumba amenewo tinawakumbuka kwambiri mu 2024, chaka chimene mvula inavuta mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 a dziko lino. Pa 17 Novembala tinatumiza ndalamazo pa foni, ndipo pepala latsopano linafika madzulo ake. Ulendo uno tinaliwerenga lonse, mzere ndi mzere, mothandizidwa ndi mphunzitsi wina wa Chingerezi amene timapemphera naye mu mphakati umodzi. Tinapeza kuti tikasinthanso tidzalipiranso, ndipo tinapita kwa ankhoswe kukawauza mwaulemu kuti tsiku la pa 30 lisagwedezekenso.

Achemwali sanapatsidwenso sabata yathunthu. Anatera ku Lumbadzi Lachinayi pa 28 Disembala ndipo anayenera kubwerera Lachiwiri pa 2 Januwale. Mvula inali itaononga msewu, choncho gawo lotsiriza la ulendo wofika ku Mkanda anayenda pa njinga yamoto, chikwama chili pamiyendo, nsapato za ukwati zili m'jumbo. Pa Misa anakhala pafupi ndi amayi, ndipo pa phwando anavina mpaka miyendo inatupa.

Tsiku lobwerera tinawaperekeza tonse atatu mpaka pa chipata cha bwalo la ndege. Tisanatsanzikane anatulutsa envulopu n'kuiika m'manja mwa wamkulu wa ife. Tinayesa kukana, koma anati si yathu, ndi ya amayi, yogulira mbuzi. Kenako anatifunsa kuti mwa ife atatu wotsatira kukwatira ndani, ndipo anati akadzadziwika, foni yoyamba idzapite kwa iwo ankhoswe asanakhale pansi pa mango paja.