Kanyali kachikasu kamene kanalanda ntchito chidendene

Amene anakwerako lole kapena basi m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira mwambo wa m'mamawa: dalaivala kuzungulira galimoto yake sipanala ili m'manja, kugogoda tayala lililonse uku atatchera khutu. Lokhuta mpweya linali ndi kaliridwe kake, lophwa kakenso. Mwini galimoto yaing'ono ankangolimenya ndi chidendene n'kuti, "Lili bwino, tiyeni." Wolemba nkhaniyi anakulira m'nthawi imeneyo, matayala ambiri akadali a chubu, pomwe msomali ukalowa mpweya unkathera pomwepo aliyense akuona.

Matayala a chubulesi anabweretsa vuto lobisika. Msomali umatha kukhala m'tayala kwa masabata, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono, koma pamaso tayalalo likuoneka labwinobwino. Likamayenda choncho limapindikapindika m'mbali, limatentha, kenako limang'ambika galimoto ili pa liwiro. Ku America nkhani ya mpweya wa m'matayala inakula mu 2000, kampani ya Firestone itaitanitsa matayala okwana 6.5 miliyoni, ambiri a pa Ford Explorer, potsatira ngozi zimene zinapha anthu. Chaka chomwecho dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa TREAD Act, ndipo kuyambira September 2007 galimoto yaing'ono iliyonse yatsopano imayenera kuchenjeza dalaivala mpweya ukatsika ndi 25 peresenti. Luso lomwe mu 1986 linali la galimoto ya anthu olemera, Porsche 959, linafika kwa aliyense. Mayiko a European Union anatsatira mu November 2014.

Ndi mmene makina ochenjezawa, otchedwa TPMS, anafikira pa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, atakwera galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito monga zochokera ku Britain. Zambiri zimafika zili ndi zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, msinkhu womwe timasensa ta m'matayala timayamba kufa.

Kanyali kake n'kachikasu, kooneka ngati tayala lodulidwa pakati lokhala ndi chizindikiro cha mfuwu m'kati. Kamanena zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokera. Kakayaka n'kungokhala, ndiye kuti tayala lina laphwa. Kakayamba kwa kuphethira kwa mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono kenako n'kukhazikika, vuto lili m'makina ochenjezawo, ndipo kupopa sikungakazimitse ngakhale munthu atazungulira malo onse omwetsera mafuta a mu Limbe.

Choyamba n'kutenga geji, kuyeza matayala onse asanatenthe, n'kufananiza ndi manambala a pa kachikwangwani ka pachitseko cha dalaivala. Nambala yolembedwa pa tayala penipeni ndi malire a mpweya womwe tayalalo lingapirire, si muyezo wa galimotoyo. Sipeya asaiwalike, chifukwa galimoto zina, monga mitundu ina ya Toyota Land Cruiser, zili ndi sensa m'menemonso. Nyengo nayo imalowererapo: kukazizira ndi madigiri 5 kapena 6, mpweya umatsika pafupifupi 1 psi. Choncho kanyali koyaka m'mamawa wa June ku Dedza n'kuzima dzuwa litakwera sikakunama ayi. Kakunena kuti tayala linali kale m'malire.

Makinawa alipo a mitundu iwiri. Ena alibe sensa m'tayala. Amadalira masensa a ABS owerenga kazunguliridwe ka mawilo, poti tayala lophwa limachepa ndipo limazungulira msanga kuposa anzake. Amenewa amangofuna kuti ukapopa kapena kusintha tayala udine batani loyambitsiranso muyezo. Kuika tayala limodzi la kaunjika losiyana saizi ndi anzake kumawasokoneza kotheratu.

Enawo ali ndi kasensa komangiriridwa ku valavu m'kati mwa limu, kotumiza uthenga pa 433 MHz ku Ulaya kapena 315 MHz ku America. Batire yake inamatiriridwa m'kati momwemo ndipo imakhala zaka zisanu mpaka khumi. Ikatha, umagula sensa yonse. Yatsopanoyo iyenera kukhala ya mafunde oyenerera ndipo kompyuta ya galimoto idziwitsidwe nambala yake, kawirikawiri ndi kachipangizo ka pagaraja. Sensa yogulidwa mongoyerekeza imalowa bwinobwino pa limu koma siilankhula ndi galimoto.

Wolembayu waonapo, pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, mnyamata womata matayala akulowetsa chitsulo chake pafupi ndi valavu, n'kumveka kuti thyo! Kapulasitiki kakuda kanagwera m'tayala, iye n'kukatola, kukatembenuza, n'kuika valavu wamba ya labala. Ntchito anaigwira mwachangu ndi mwaluso, kungoti luso lakelo analiphunzira pa mawilo opanda sensa. Mwini galimoto anapita kwawo kanyali kakuphethira, ndipo mankhwala omwe ambiri amapeza ndi kachidutswa ka tepi yakuda pa dashibodi. Zimenezi zimamuwawa wolembayu, chifukwa tepiyo imabisanso chenjezo la tsiku lomwe tayala lidzaphwedi pa msewu wa M1 banja lonse lili m'galimoto. Ku Britain, galimoto yoyamba kuyenda kuyambira 2012 imalephera mayeso a MOT, oona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ngati kanyalika kakusonyeza kuti makinawo ndi owonongeka.

Omata matayala ena ayamba kale kusintha. Asanakhudze tayala amayang'ana kaye valavu, ndipo akaona yachitsulo yokhala ndi nati amafunsa kuti, "Bwana, muli sensa umu?" Akatero amayambira kubomola tayalalo mbali ina, kutali ndi valavu.