CHINGWE CHA PAKATI

Kwathu ndi ku Guilleme, m'boma la Mchinji, malo amene anatenga dzina la Bishopu Mathurin Guillemé. Ambiri amakudziwa chifukwa cha tchalitchi ndi chipatala cha mishoni, koma ine ndikamva dzinali ndimaona chisakasa cha malata cha amalume anga, amene amapanga ngolo. Ngolo zimenezo ndizo zinandilipirira sukulu ya sekondale, ndiponso ndizo zinandigulira laputopu yakale pamene ndinasankhidwa kukaphunzira za makina ku MUBAS, imene mpaka 2021 inkatchedwa Polytechnic. Nkhani ino ndi ya momwe ndinabwezera ufulu umenewo ndi chitsulo choonongeka.

Anzanga a ndakatulo mundilole ndiyambe ndafotokoza ntchito yathu. Pa pulogalamu yojambulira makina, monga SolidWorks imene ine ndinaphunzira, munthu amajambula chiwalo chirichonse pachokha, kenaka n'kuzilumikiza zonse kukhala chinthu chimodzi. Chiwalo chongoponyedwamo chimakhala ndi njira 6 zoyendera: zitatu zosendera, zitatu zozungulira. Kuti chikhazikike umachimanga ndi malamulo, akuti nkhope iyi igundane ndi iyo, bowo ili lilunjikane ndi ilo, mpaka njira zonse zitatsekeka. Chiwalo chikatsala chomasuka, pambali pa dzina lake pamaoneka kachizindikiro kochotsera. Nzeru yomanga zojambula ndi malamulo si yatsopano ai. Ivan Sutherland anali nayo kale mu Sketchpad, pulogalamu imene anaimaliza ku MIT mu 1963.

Tsono pali ziwalo zina zimene zimayenda ziwiriziwiri ngati manja a munthu. Dzanja lamanzere ndi lamanja n'zofanana, koma ngakhale ulitembenuze motani lamanzere silisanduka lamanja. Pa ziwalo zotere umajambula chimodzi, n'kulamula kompyuta kuti ipange chinzake monga chimaonekera pa kalilole. Chatsopanocho chimabadwa ndi zingwe ziwiri zosaoneka: chimodzi chimagwira kaumbidwe kake, kuti ukasintha choyamba nacho chisinthe, china chimagwira malo ake, kuti chitalikire pakati mofanana ndi chinzake. Mabawuti okha sitiwaika pa kalilole, timangowabwereza, pakuti kalilole amatembenuza mazinga ake kukhala amanzere, onga a pedulo ya kumanzere ya njinga imene akabaza onse amaidziwa kuti imamasuka mobwerera.

Patchuthi cha Khirisimasi mu 2023 ndinapeza amalume ali ndi ntchito ya mlimi wina amene anapereka ndalama zake za mtedza kuti ampangire ngolo. Chitsulo anali atagula kale ku Lilongwe mu Okotobala, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala. Ine, magazi a sukulu akuwira, ndinapempha kuti ndijambule ngoloyo pa laputopu. Amalume anaseka nati, "Chabwino a injiniya, tione zimene tinagula."

Ndinajambula zonse, ngakhale zitsulo ziwiri zopindidwa zimene zimagwirizira ekiselo ku thupi la ngolo. Cha kumanzere ndinachijambula ndekha, cha kumanja ndinachitenga pa kalilole. Kenaka amalume anati cha kumanjacho chikhale ndi bowo lina lokolowekapo tcheni. Pofuna kuboola msanga ndinadula zingwe zonse ziwiri zija, kuti chitsulocho chikhale changachanga. Kachizindikiro kochotsera kanaoneka, ndinakaona ndithu, koma chithunzi chinali chokongola ndipo palibe chimene chinasuntha. Ndinati ndidzakonza mawa.

Patapita masiku awiri mlimi uja anabweretsa ekiselo ya galimoto yakale, yosiyana ndi imene tinkayembekeza. Mabowo anayenera kutalikirana mamilimita 90 m'malo mwa 70, ndipo zitsulo zonse ziwiri zinayenera kusendera kunja pang'ono. Ndinasintha cha kumanzere, ndikukhulupirira kuti chinzake chatsatira monga mwa nthawi zonse. Ndinapita pa Boma kukasindikiza mapepala, ndipo ndinawapereka ndi manja awiri.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi ichi: amalume ali ndi katoni yawo yodulidwa bwino imene amalembera zitsulo zotere, koma tsiku limenelo anaipachika pa msomali, nauza mnyamata wawo wa ntchito kuti atsate mapepala anga. Anachita zimenezo pamaso pa anthu amene anabwera kudzacheza pachisakasa. Mnyamatayo anadula, anapinda, anaboola, nawotcherera monga momwe ndinalembera. Pokweza ekiselo, mbali ya kumanzere inalowa ngati yobadwira pomwepo. Ya kumanja mabawuti anakana. Mabowo anali a 70, ndipo chitsulocho chinali pamalo akale.

Panali zii. Wina anatsokomola. Amalume sanakalipe. Anatenga chingwe, anachikhoma kunsonga kwa mtengo wokokera ngolo, nachikoka mpaka kumbuyo, nachipaka choko. Anayeza kuchokera pa chingwe kupita kumanzere, kenaka kupita kumanja. Ndipo anandiitana.

"Mphwanga, tikanangokuza mabowowa n'kumanga, ngolo ikanayenda. Koma ikanayenda chammbali, goli n'kumadya khosi la ng'ombe imodzi, matayala n'kumatha mbali imodzi. Mwini wake sakananena kuti kompyuta yalakwa. Akananena dzina langa."

Ndinayankha ndiri chozyolika kuti, "Pepani amalume, ndalakwa ndine."

Anatsitsa katoni ija pa msomali nandipatsa. "Iyi ndi imodzi. Ndikalemba cha kumanzere ndimaitembenuza n'kulemba cha kumanja. Ndikasuntha bowo, lasunthira konse, chifukwa palibe katoni yachiwiri yoti iiwale. Nanga iwe makatoni ako anali angati?"

Anali awiri. Pamene ndinadula zingwe zija ndinasandutsa katoni imodzi kukhala awiri, ndipo wachiwiriyo sanamvenso za mnzake. Komanso ine ndinali kuyeza kuchokera m'mphepete, pamene amalume amayeza chirichonse kuchokera pa chingwe cha pakati. Zimene aphunzitsi anatiuza m'kalasi, ine n'kumalemba mongofuna kukhoza mayeso, zinali zopachikidwa pa msomali kwathu zaka zonsezi.

Chitsulo cholakwikacho anachidula ndi kuchichotsa. Chatsopano anachigula pa mtengo wa pambuyo pa Novembala, ndipo phindu lonse la ngolo imeneyo linathera pamenepo. Sanamuuze mlimi uja, sanawauzenso amayi. Ine ndinadziwa pa tsiku lobwerera kusukulu, pamene ndalama ya m'thumba imene anandipatsa inali yochepa kuposa kale, ndipo anandipatsa akuyang'ana kumbali.

Usiku wa tsiku la ngoziyo ndinajambulanso zonse. Ndinayamba ndi kuika pakati pa ngolo, ndiye chingwe changa cha choko. Cha kumanja ndinachitenganso pa kalilole osadula kanthu, ndipo bowo la tcheni ndinaliboola pamwamba pa zimene chinatengera kwa chinzake, zomwe zinali zotheka kuyambira pachiyambi ndikanadekha. Kenaka ndinasintha 90 kukhala 120 mwadala, ndinaona mbali zonse zikusintha pamodzi, n'kubwezera. Ndinakokanso chiwalo chirichonse kuti ndione ngati chiripo chosendera. Mpaka lero sindisindikiza pepala ndisanachite zimenezi, ngakhale anzanga m'kalasi amati ndimachedwa.

M'mawa mwake ndinapita nawo mapepala atsopano. Amalume anawalandira, anawawerenga mofatsa, kenaka anatenga katoni yatsopano, naidula motsata cha kumanzere. Anaitembenuza naiika pa pepala la cha kumanja, naboola ndi msomali kuti aone ngati mabowo akukumana. Anakumana. Sananene kanthu, anangoitana mnyamata uja kuti abweretse chitsulo. Koma katoniyo sanaipachikenso pa msomali. Anaisiya pa tebulo, pambali pa mapepala anga.