Kandulo Imabwera Pomaliza

Ku Lalapanzi, katawuni ka migodi kamene kali pakati pa Gweru ndi Mvuma m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, kuli mayi wina wachikulire amene adzukulu ake ankamuseka chifukwa cha khalidwe limodzi. Magetsi akathima, anthu ena onse m'kombonimo amayamba kupapasa machesi, koma iye amaima pomwe mdima wamupezera ndi kuyamba kuitana anthu a m'nyumba mwake mmodzimmodzi, ndipo sasuntha phazi mpaka aliyense atayankha. Anawo ankati agogo awo amaopa mdima, koma kunena zoona, pa nyumba yonseyo iye yekha ndiye anali ndi ndondomeko ya chochita mdimawo ukagwa.

Ndondomekoyo anaitenga kwa bambo ake. Iwo anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kudzera mwa Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu a ku Nyasaland ntchito za ku Southern Rhodesia, ndipo anathera mphamvu zawo m'migodi ya chrome ya m'mtandadza wa mapiri wotchedwa Great Dyke. Miyala ya kuderali ndi imene m'zaka za pambuyo pake inkapita ku ng'anjo za Zimasco ku Kwekwe ndi za Zimbabwe Alloys ku Gweru. Kwawo sanabwererenso; anakhala mmodzi wa machona, ndipo manda awo ali komweko. Mwana wawo wamkaziyu anabadwira m'komboni, amalankhula Chishona kumsika ndi Chichewa pakhomo, ndipo zimene amakumbukira kwambiri za bambo akewo ndi zomwe ankafotokoza za pansi pa nthaka. Ankati nyali ikazima mumgodi, munthu wanzeru amaima, namvetsera, nawerenga anzake, kenako naganiza za mpweya ndi madzi, pakuti amene amavulala kawirikawiri ndi uja wothamanga asanadziwe kumene akuponda.

Kumapeto kwa chaka cha 2022 phunziro limeneli linapeza ntchito. Mu Novembala chaka chimenecho, bungwe la Zambezi River Authority, limene limayang'anira damu la Kariba m'malo mwa Zambia ndi Zimbabwe, linauza mbali ya Zimbabwe kuti yatha madzi amene inagawiridwa chaka chimenecho. Makina a kum'mwera kwa damulo, amene madzi akakhalapo amatha kupanga mamegawati 1,050, anangotsala ndi kachigawo kochepa, pamene makina akale a malasha ku Hwange ankangowonongekawonongeka. M'madera ambiri magetsi ankasowa kwa maola 18 kapena kuposerapo pa tsiku, monga zinachitikiranso mu 2019. Ankabwera anthu atagona, nachoka kusanache. Amayi anazolowera kusita, kuphika nyemba ndi kutchaja mafoni pakati pa usiku.

Usiku wina mu Disembala, magetsi anabwera cha m'ma 10 koloko monga mwa nthawi zonse. Mayiyu anayatsa simbi kuti asite zovala za amuna ake, mphika wa nyemba uli pa mbale ya magetsi, adzukulu awiri akulimbirana malo otchajira foni. Kunja kunali mvula ya mabingu. Ola lisanathe kunang'anima mphezi, kunamveka chiphokoso cha kumene kuli thiransifoma, ndipo komboni yonse inada bii. Mayiyu anazindikira nthawi yomweyo kuti uku sikunali kugawa magetsi kwa masiku onse, kumene munthu amadziwa kuti mawa usiku abweranso. Chinthu chinali chitapsa, ndipo kukonza kukanatenga masiku.

Anaitana mayina. Mdzukulu wamwamuna, wa zaka 14, anayankha ali kale pa kabati kufuna kandulo. Wamkazi anayankha ali pakhomo la chipinda. Amuna ake, amene anagwira ntchito mumgodi mpaka mawondo atakana, ndipo tsopano amadwala matenda a shuga, anayankha ali pabedi. “Khalani pomwepo, abambo, musadzuke,” anatero mayiyu, podziwa kuti munthu wa shuga akapunthwa mumdima ndi kudzicheka phazi, bala lake limavuta kupola. Kenako anatembenukira kwa mnyamatayo. “Iwe, siya kanduloyo. Yatsa tochi ya pafoni, uzule simbi.”

Simbiyo inali itagona pa malaya. Anazula simbi, nazimitsa mbale ya magetsi, nazula wailesi yakanema ndi furiji, nasiya babu limodzi la pabalaza lili loyatsa kuti lidzawadziwitse magetsi akadzabwera. Magetsi akabwerera anthu ali m'tulo kapena atachoka, simbi ndi mbale zimene zinaiwalika zimatha kuyatsa nyumba. Ndiponso nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyeso imene imaotcha zipangizo. Furiji ya panyumbapo anaigula ndi mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndalama zogulira ina panalibe. Anawachenjezanso anawo kuti kukacha asayandikire waya aliyense wogwa pansi, ngakhale akuoneka ngati wakufa.

Zitatha izi anathamangira madzi, ndipo apa pokha ndi pamene analola kufulumira. Madzi a m'mipope amakankhidwa ndi mapampu a magetsi. Mapampuwo akaima, zimene zatsala m'mathanki ndi m'mapaipi zimayenda kanthawi kochepa, ndipo nyumba zonse zimatunga nthawi imodzi. Mtsikanayo anaunika, mnyamatayo nasinthanitsa zigubu, mapoto ndi ndowa pampopi mpaka madzi anayamba kudontha ngati misozi. Mabeseni anawatchera pansi pa denga kuti madzi a mvula akhale ochapira ndi othira m'chimbudzi, ndipo a pampopi anawavundikira kuti akhale akumwa ndi ophikira basi. Mayiyu sanaiwale kolera ya 2008 ndi 2009, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko la Zimbabwe panthawi imene mipope inauma ndipo anthu ankatunga paliponse. Kwa iye nyumba yopanda kuwala ndi yovuta kukhalamo, koma nyumba yopanda madzi abwino ili pa njira ya kuchipatala.

Furiji analamula kuti pasapezeke woitsegula. Furiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, ndipo mbali youmitsa ikakhala yodzaza imatha kupirira masiku awiri. Kutsegula kulikonse kumadya nthawi imeneyo. M'katimo munali zinthu ziwiri zimene zinkamusowetsa mtendere: nyama ya mbuzi imene anagula kukonzekera Khirisimasi, ndi timabotolo tiwiri ta insulin ta amuna ake, kamodzi koyamba kale, kena kosatsegula. Pa ziwirizi, nyama inali yodula, koma insulin inali moyo wa munthu, ndipo ulendo wokatenga ina unali wa ku Gweru.

Ambiri amaganiza kuti insulin ikangochoka mu furiji ndiye kuti yawonongeka, ndipo ena amaitaya kapena kusiya kubaya. Sizili choncho. Yosatsegula imayenera kusungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, koma kabotolo kamene kayamba kugwira ntchito kamatha kukhala kunja kwa furiji pafupifupi milungu inayi, bola kasakhale padzuwa kapena pafupi ndi moto. Mu 2021, akatswiri a Médecins Sans Frontières ndi a yunivesite ya Geneva anasindikiza zimene anapeza atayesa insulin pa kutentha kofanana ndi kwa msasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, kumene kumasinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Mankhwalawo anasungabe mphamvu yake kwa milungu inayi. Mayiyu sanawerengepo zimenezi, koma namwino wa pa kiliniki anali atamuphunzitsa za mtsuko. Kutacha anatsegula furiji kamodzi kokha. Timabotoloto anatiika m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko m'kamphika kadothi, kamphikako mumtsuko waukulu, nathira mchenga wonyowa pakati pa ziwiyazo, navundikira ndi nsalu yonyowa, naika pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma m'dothi amachoka ndi kutentha, monga mmene mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Anapempha mdzukulu wamkazi kuti alembe deti la tsikulo pa kapepala, kuti akakafunsa kukiliniki akanene zoona za masiku amene mankhwalawo akhala kunja.

Koma tibwerere ku usiku uja, pakuti ntchito yake inali isanathe. Munthu wobaya insulin ayenera kudya pa nthawi yake, apo ayi shuga amatsika mpaka munthuyo kukomoka. Choncho funso la moto linali funso la mankhwala. Mayiyu anatuma mnyamata kuti alowetse nkhuni zouma ndi thumba la makala pakhonde zisananyowe, naika shuga ndi supuni pa mpando pafupi ndi bedi la amuna ake. Nyemba zosapsa zija anazisiya kuti adzamalize pa mbaula m'mawa, panja. Foni yake anaigwiritsa ntchito kamodzi: analembera mwana wake wa ku Johannesburg kuti onse ali bwino ndipo asadabwe akamupeza wosapezeka, kenako anaizimitsa. Mufoniyo ndi mmene munali ndalama zawo za EcoCash, ndipo ndi yomwe akanaitanira galimoto abambowo akanadwalika.

Atatsala pang'ono kukhala pansi, anamva fungo la makala likuchokera ku nyumba yogundizana nayo, kumene kumakhala mayi wamasiye ndi kamdzukulu kake kakhanda. Anafunda chitenje, nakagogoda. Anapeza mnzakeyo walowetsa mbaula m'nyumba chifukwa cha mvula, kuti afunditse madzi a mwana, mazenera ndi chitseko zili zotseka, ndipo anali atayamba kudandaula mutu. “Amayi, tulutsani mbaulayi msanga, mutipha nako kamwanaka,” anatero akukankha zenera. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo ulibe fungo lakelake; umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo ambiri amene umawapha amafa ali m'tulo momwemo. Anatulutsa mbaulayo pakhonde, nakhala ndi mnzakeyo pakhomo lotsegula mpaka mutu utaleka, namugawirako chigubu chimodzi cha madzi, popeza iye anali asanatunge. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, amatero akuluakulu. Ndipo m'nyumba za m'komboni, zimene zimagawana khoma, moto wa mnzako suchedwa kukhala wako.

Atabwerako ndi pamene anati, “Tsopano yatsa kandulo ija.” Anaiimika pa mbale yachitsulo pakati pa tebulo, kutali ndi makatani, ndipo inayaka mphindi zochepa chabe, zokwanira kuyala mphasa ndi kupemphera. Mnyamatayo anafunsa chifukwa chake chinthu chimene aliyense amayamba nacho iwo amamaliza nacho. Agogo akewo anamuuza kuti awerenge zimene zikanatayika iwo akanakhala pansi mozungulira kandulo kudikira magetsi: madzi akanatha m'mipope, nkhuni zikananyowa, simbi ikanatsala pa malaya, ndipo kuseri kwa khoma anthu awiri akanagona ndi mbaula. Kuwala kukanatha kudikira ola lathunthu popanda chowonongeka, pamene zinthu zinazo zinali ndi nthawi yake yochepa.

Magetsi anabwera tsiku lachinayi. Pofika pamenepo nyama ija inali italengulidwa, kuthiridwa mchere ndi kuwambidwa pa moto, ndipo pa Khirisimasi anadya yofutsa. Abambo aja sanaphonye jakisoni ngakhale imodzi. Mayiyu atayatsa foni ndi kuimbira msuweni wake ku Dedza kuti amufotokozere, msuweniyo anangoseka, chifukwa ku Malawi nakonso chaka chimenecho chinali cha mdima: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Awiriwo anakambirana za makala ndi mitsuko ngati anthu a mudzi umodzi.

Mu 2023 makina awiri atsopano a ku Hwange anawonjezera mamegawati 600 ndipo zinthu zinapepukako, koma chilala cha 2024 chinatsitsanso madzi a Kariba, mdima nubwerera. Mwana wa ku Johannesburg anatumiza kasola kakang'ono kamene kamayatsa mababu awiri ndi kutchaja foni, kotero kuti kandulo siifunikanso kwenikweni pakhomopo. Mtsuko wa mchenga uja ulipobe kuseri kwa chitseko, ndipo zigubu ziwiri zimakhala zodzaza nthawi zonse. Mnyamata uja, amene tsopano ndi wamkulu, akamva kuti magetsi athima amayamba ndi kuitana agogo ake aamuna, nadikira kuti ayankhe, kenako amapita kukaona ngati simbi yazulidwa.