Galimoto ya Waya ndi PES ya Pafoni ku Senga Bay

M'zaka za m'ma 1980 ku Senga Bay kunalibe sitolo ya zidole, ndipo palibe mwana amene ankagona ndi chisoni chifukwa cha zimenezo. Wofuna galimoto ankayamba ndi kusaka waya. Wina ankatola pa mpanda wakugwa wa nyumba za kugombe, wina ankapempha kwa amalume ogwira ntchito kuhotela, ndipo wina, tisabise, ankasolola pa mpanda woti sunaganizeko n'komwe zakugwa. Mateyala ankachokera ku zitini za polishi wa nsapato kapena ku patapata wakutha. Mphira ya chubu cha njinga inkamanga molumikizira monse, ndipo chiwongolero chinkatalika kufika m'chiuno. Mumchenga wa kunyanja galimoto ya timateyala tating'ono inkatitimira, choncho ana a kuno ankakulitsa mateyala kuposa anzawo a ku boma la Salima.

Kukoma kwake sikunali pa kuyendetsa. Galimoto ya waya sinkatha kupangidwa. Lero ndi Land Rover ya asilikali a parachuti imene mwana waiona ikudutsa pamsewu, mawa waiphwasula yasanduka basi ya Stagecoach, mkuja waiwonjezera ngolo yoti inyamule usipa wa masamba a mango. Mmodzi akatulukira njira yoti mateyala akutsogolo azikhota, pofika Loweruka mudzi wonse wakopera, ndipo wina waikapo kale masipuling'i. Palibe amene ankati nzeruyo ndi yake yekha. Ulemu unkapita kwa wodziwa kupinda waya, osati kwa mwana wa olemera. Luso limeneli linadziwika mpaka kunja: buku la ana la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto, la mu 1990, limakamba za mnyamata wa ku Malawi wosaka waya tsiku lonse.

Masewera enanso ankapindidwa chimodzimodzi. Pa mpira wa chikulunga, makona atatu ankakhala penate chifukwa bwalo linali lopapatiza, ndipo mpira ukagwera m'madzi woumenya ndiye ankausambira. Bawo ya akuluakulu ili ndi maenje 32 ndi njere 64, koma ana ankakumba maenje awo mumchenga n'kudula malamulo ovuta kuti masewera athe amayi asanaitane.

Lero mukadutsa pamsika wa Senga Bay madzulo mupeza anyamata ataunjikana pa foni imodzi, kapena ali m'kanyumba ka PlayStation momwe amalipira pa gemu iliyonse. Akuluakulu amapukusa mutu n'kumati ana a masiku ano amangodziwa kudina. Ine ndimavomereza theka lokha. Ndimapempha kuti munthu ayandikire kaye aone zimene zili pagalasipo.

Nthawi zambiri ndi mpira wa PES, wolembedwa chaka chino, osewera ali m'matimu amene asamukira posachedwa, majezi ake atsopano. Koma gemuyo ndi ya kamakina ka Sony kotchedwa PSP, ndipo kampani ya Konami ya ku Japan inasiya kupangira kamakinako mpira itatulutsa PES 2014. Nanga wosewera amene wagulidwa mwezi wathawu walowamo bwanji? Amulowetsa ndi anthu wamba. Foniyo ili ndi pulogalamu ya PPSSPP, imene Henrik Rydgård wa ku Sweden anayamba mu 2012, yochititsa foni kugwira ntchito ngati PSP. Kenako anyamata ena, ambiri a iwo a ku Indonesia, amatsegula gemu yakaleyo, kusintha mayina, nkhope, majezi ndi mabwalo, ena mpaka kuikamo mawu a Peter Drury, n'kuitaya pa intaneti kuti aliyense atole. Zosintha zotere amazitcha mod, kapena patch. Ku Senga Bay zimafika kudzera kwa mmodzi amene anali ndi bandulo, kenako zimayenda foni ndi foni pa Xender kapena pa memori khadi, kapena kwa anyamata obena nyimbo, omwewo amene amagulitsa mafilimu a ku China ndi ku India omasuliridwa m'Chichewa.

Funso limene limandisangalatsa ndi lakuti, bwanji magemu ena amakopa chikhamu cha osintha chotere pamene ena, okongola kuposa amenewa, amangoseweredwa miyezi iwiri n'kuiwalika?

Poyamba pamafunika khomo losakhoma. Mu 1993 kampani ya id Software ya ku America inatulutsa gemu ya Doom, ndipo John Carmack ndi anzake anaikonza mwadala kuti zithunzi, mawu ndi mapu zikhale m'mafayilo apadera otchedwa WAD, osasakanikirana ndi injini ya gemuyo. Munthu ankatha kusintha mapu popanda kuwononga china chilichonse. Mu 1997 anatulutsanso poyera malemba a pulogalamu ya injiniyo. Mpaka lero, patapita zaka zoposa 30, anthu akupangabe mapu atsopano a Doom. Asodzi a kuno amaidziwa nkhaniyi kumbali yawo: injini ya boti imene makaniko wa pagombe angaitsegule ndi sipanala imakhalitsa panyanja kuposa yonyezimira yofuna katswiri wa ku Lilongwe.

Makampani ena anaona kuti khomo lotsegula limabweretsa phindu. Half-Life ya kampani ya Valve inatuluka mu 1998. Chaka chotsatira anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, anaisintha n'kupanga Counter-Strike, ndipo mu 2000 Valve inagula ntchito yawoyo n'kuwalemba ntchito. DotA inayamba ngati mapu opangidwa ndi osewera mu Warcraft III, kenako inabala Dota 2 mu 2013, imene mipikisano yake yakhala ikupereka mphoto za mamiliyoni a madola. Kampani ya Bethesda itatulutsa Skyrim mu 2011, inapereka kwaulere zida zake zomangira gemuyo chaka chotsatira. Minecraft, imene Microsoft inagula mu 2014 pa madola 2.5 biliyoni, inakula ndi manja a ana ndi achinyamata osintha zinthu m'zipinda zawo zogona.

Koma khomo lokha silikwanira. Pamafunikanso kuti mugemumo mukhale mpata, chinachake chosowa chimene chikumuyabwa wosewera. Apa ndi pamene nkhani ya PES imakomera. Konami inalibe chilolezo cha matimu ambiri a ku England, choncho kwa zaka zambiri Manchester United inkatchedwa Man Red, Liverpool inali Merseyside Red, Chelsea inali London FC. Mpira wake unkakoma kusewera, koma mayinawo ankachititsa manyazi. Kampaniyo inaika malo osinthira mayina ndi majezi, ndipo okonda mpira padziko lonse anayamba kugawana mafayilo okonza zolakwikazo. FIFA ya kampani ya EA, imene inali ndi zilolezo zambiri, sinkasiyira wosewera ntchito yochuluka chotero.

Tsono kwa Mmalawi mpatawo ndi waukulu kuposa wa mwana wa ku London. Mu PES kapena mu FIFA simudzapeza Bullets, Wanderers, Silver Strikers, ngakhale MAFCO ya konkuno ku Salima. Palibe kampani ya ku Tokyo imene idzatumize munthu kudzajambula jezi ya timu ya mu Super League yathu. Wofuna kuona timu yake pagalasi ayenera kuiikamo yekha. Gemu ya pafoni ya Dream League Soccer imalola munthu kutchula timu dzina limene akufuna ndi kulowetsa chizindikiro ndi jezi yojambula yekha, ndipo anyamata sachedwa kuiveka zofiira kapena zabuluu malinga ndi kumene mtima wawo uli. Gabadinho Mhango atamenya chigoli chakutali chija pa Morocco mu January 2022 ku Cameroon, mwana aliyense wa foni ankafuna dzina limenelo kutsogolo kwa timu yake. Bus Simulator Indonesia, imene kampani ya Maleo inatulutsa mu 2017, imalola kupenta basi mmene ukufunira komanso kulowetsa galimoto zopangidwa ndi anthu ena. Mdzukulu wa mwana wa galimoto ya waya uja, amene ankalemba Stagecoach pa katoni ndi makala, lero akupenta basi ya pafoni kuti ifanane ndi yodutsa pa msewu wa M5.

Palinso nkhani ya umphawi, imene olemba za magemu a kunja saitchula kawirikawiri. Gemu yatsopano imafuna makina okwera mtengo, netiweki yosaduka ndi magetsi osazima. Yakale imayenda pa foni ya Itel kapena Tecno, ngakhale pa laputopu yotopa ya kaunjika, ndipo sifuna bandulo ikangolowa. N'chifukwa chake GTA San Andreas ya mu 2004 ikadali moyo m'mafoni a kuno, itavekedwa galimoto ndi zovala zimene eni ake a Rockstar sanaziganizepo. Gemu ikapepuka imafikira anthu ambiri, anthu akachuluka osintha amachuluka, ndipo aliyense woyamba kumene amapeza wina womuonetsa pa YouTube kapena pa gulu la WhatsApp.

Sindinganame kuti zonse n'zofanana ndi kale. Pa galimoto ya waya mwana aliyense anali mmisiri, waluso kapena wosadziwa, chifukwa palibe amene akanakupangira. Pa mod, opanga ndi ochepa ndipo otola ndi ambiri. Kusintha nkhope ya wosewera kapena kumanga bwalo kumafuna kompyuta, Chingerezi ndi nthawi, ndipo mwana amene wagwira nyali panyanja usiku wonse sakhala nazo zitatuzi. Ambiri amathera pa dzina ndi jezi. Enanso amatola mafayilo oipa amene amadzaza foni ndi zotsatsa malonda kapena kuiwononga kumene.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si ulesi wa ana koma makomo amene akutsekedwa. Mu 2017 kampani ya Take-Two, mwini wake wa Rockstar, inalembera opanga chida chosinthira GTA chotchedwa OpenIV kuti asiye, ndipo chinabwerera pokhapokha osewera atakwiya kwambiri. Mu 2015 Valve ndi Bethesda anayesa kugulitsa ma mod a Skyrim, koma anabweza ganizolo patangopita masiku ochepa anthu atakana. Konami nayo inasiya dzina la PES mu 2021 n'kubweretsa eFootball, gemu yotsitsa kwaulere koma yodalira intaneti, momwe osewera abwino amabwera ndi ndalama zogulira mugemumo ndipo malo osinthira anachepetsedwa kwambiri. Gemu yotero imakhala pa makompyuta a kampani, osati m'manja mwa mwana. Tsiku limene kampaniyo idzazimitse makinawo, palibe chotsala choti munthu atsegule.

Anyamata a ku Senga Bay amasewera eFootball bandulo ikapezeka, makamaka kumapeto kwa mwezi kapena usipa ukagwidwa bwino. Masiku enawo amabwerera ku PES yakale ya pa PPSSPP, ndipo msika wogula osewera ku Ulaya ukangotsekedwa amayamba kufunsana kuti patch ya nyengo ino yafika pa foni ya ndani.