Kalata yochokera m'denga la ku Leicester

Mphwanga,

Ndamva kuti chaka chino mwayamba kuphunzira kuyala mawaya m'nyumba, ndipo mtima wanga wakondwa. Ndiye ndati ndikufotokozere ntchito imene ndili nayo m'manja masiku ano.

Nyumba yake ndi ya njerwa zofiira, yomangidwa m'zaka za m'ma 1930, ya mayi wina wachikulire. Bilu ya gasi yawatopetsa. Chikwerere mitengo mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, aliyense kuno akutseka paliponse pothawira kutentha, ndipo nyumba yosatchinga kumwamba imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutentha kwake kudzera kudenga. Mankhwala ake ndi kuyala ubweya wopangidwa kuchokera ku galasi kapena miyala pamwamba pa siling'i, wokhuthala mamilimita 270: 100 pakati pa mitanda, 170 mopingasa pamwamba pake. Mayiwo ankafuna zokhazo, tsiku limodzi tithane nazo.

Ndinakwera ndi tochi, ndikukwawa pa mitanda, poti ukaponda pakati mwendo umatulukira kuchipinda chogona. Pansi pa fumbi ndinapeza mawaya a magetsi ounikira, aja okutidwa ndi rabala amene anasiya kuikidwa cha m'ma 1960. Ndinagwira pamene waya amatsikira kubabu, rabala n'kufumbutuka m'zala ngati tsamba louma la fodya, mkuwa n'kukhala pamtunda. Waya wa earth panalibe, chifukwa isanafike 1966 malamulo sankaufuna pa magetsi ounikira. Koma kuchipinda chochezera kuli nyale yachitsulo ndi maswitchi achitsulo, amene mayiwo amawagwira tsiku ndi tsiku. Waya wamoto atakhudza chitsulo chimenecho, fyuzi singadule. Magetsi angadikire dzanja la munthu.

Tsono tamvetsa apa. Waya aliyense akamanyamula magetsi amatentha, ndipo chimamuziziritsa ndi mpweya. Ukamukwirira mu ubweya, kutenthako kumasowa kolowera. Buku la malamulo a mawaya kuno, BS 7671, limati waya wokwiririka mbali zonse mtunda wopitirira theka la mita uzimuwerengera theka la mphamvu imene akananyamula ali poyera. Waya watsopano wa mababu, pa buleka ya maampu 6, nthawi zambiri amapirira. Woopsa ndi wa shawa yamagetsi, ndiponso waya wokalamba ngati uyu. Choncho ndinawauza mayiwo kuti mawaya kaye, ubweya pambuyo. Anadandaula za ndalama, ndipo ndinawamvetsa. Ndinatsika ndi chidutswa cha waya uja, ndinawapatsa m'manja, anachipinda okha n'kuona chikuyoyoka. Anavomera.

Tazula zakale zonse. Atsopano ndi abulauni ndi abuluu, poti ofiira ndi akuda analekeka mu 2006. Tawayendetsa moti akhale pamwamba pa ubweya, osati pansi pake, ndipo pamene talumikiza pali poti mnzathu wobwera m'tsogolo adzapaone osafukula denga lonse. Mababu olowa m'siling'i taika a LED n'kuwavundikira ndi zivundikiro zosapsa. Bokosi la mafyuzi lachoka, lalowa la RCD, imene imadula magetsi akangothawa mamiliampu 30. Kuyambira 2005, ntchito yotere ku England imayenera kudziwika kukhonsolo ndipo mwini nyumba amalandira satifiketi.

Ubweya nawo uli ndi mwambo wake. Umayabwa koopsa, choncho magolovesi ndi chotseka pamphuno sizichoka. Kumapeto kwa denga timasiya mpata woti mphepo izidutsa, apo ayi nthunzi yochokera kubafa ndi kukhitchini imasanduka madzi pa matabwa ozizira, matabwawo n'kuyamba kuola. Pansi pa thanki yamadzi sitiyala, kuti kampweya kofunda ka m'nyumba kaziifika. Mapaipi timawakulunga kuti asaphulike madzi akaundana mu Januwale. Siling'i yokhakhala sitiboola isanayezedwe, chifukwa asibesitosi analetsedwa kotheratu mu 1999 momwemu, ndipo m'nyumba zakale zambiri akadalimo.

Usaone ngati izi ndi za kuno kokha. Magetsi athu ndi a kuno ndi ofanana, mavolti 230, pulagi yomweyo ya mano atatu. Kusiyana n'kwakuti kuno timasunga kutentha, pamene kwathu malata amakuthira m'nyumba. Taganiza za waya amene ali pakati pa malata ndi siling'i ku Salima masana a mu Okutobala, wolumikizidwa mongopota n'kumata tepi, makoswe akumutafuna. Ukadzaitanidwa kukaika babu imodzi yokha m'nyumba yakale, udzapemphe makwerero, udzasuzumire kumwambako usanatchule mtengo.

Ndakugulira mita yoyezera magetsi ndi masikuludiraiva okutidwa bwino. Mnzanga wina akubwera mu Disembala, ndimupatsira. Nambala yako ali nayo. Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mankhwala a miyendo aja ali m'katundu momwemo.

Ndine mkulu wako,
ku Leicester