Khomo lopendekeka la ku Pingtung

Kuyenda n'kuona, akuluakulu sananame. Mu 2005, ubale wa dziko lathu ndi Taiwan usanathe, ndinapita ku Pingtung, kummwera kwa chilumbacho, kukaphunzira zaulimi. Ndinkachita lendi kachipinda kwa mayi ena amasiye. Amuna awo anali atangomwalira kumene, sitolo ya mwana wawo itagwa, ndipo eniakewo tulo sankationa.

Loweruka lina kunabwera mkulu wina atanyamula thabwa lofiira, pakati pake pali kampasi yozunguliridwa ndi zilembo zambirimbiri. Chidachi amachitcha luopan. Mkuluyo anali katswiri wa feng shui, kutanthauza "mphepo ndi madzi", nzeru yakale ya Atchaina yosankhira malo ndi mbali yolozetsa nyumba, manda kapena kachisi.

Mdzukulu wa mayiwo ndiye ankandimasulira. Ife timadziwa mbali zinayi basi, koma luopan imagawa dziko m'mbali zikuluzikulu 8, ndi zing'onozing'ono 24 za madigiri 15 iliyonse. Zoopsa zili m'malire, pamene mbali ina yathera ndipo inzake ikuyamba. Mzere wotero amautcha kong wang, mzere wopanda kanthu. Akuti khomo likaloza pamenepo, mphamvu ya moyo, yomwe amati qi, imasokonezeka polowa, ndiye m'nyumba mumachuluka matenda, ndewu, maloto oipa ndi umphawi.

Mkulu uja anaima pakhomo, nayeza katatu, kenaka n'kupukusa mutu. Khomo lathu linaloza pa madigiri 202 ndi theka, ndendende pamalire a kummwera ndi kummwera chakumadzulo. Chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti mzere womwewo akuti kachisi sumuvuta. Mmenemo ndi mwa milungu ndi mizimu, palibe wogonamo, wophikamo kapena wolereramo ana. N'chimodzimodzi kuloza ndendende kummwera: akuti mphamvu yake imachulukitsa, amaipirira ndi akachisi ndi nyumba za mafumu zokha, monga Forbidden City ya ku Beijing, yomwe inatha kumangidwa mu 1420. Munthu wamba azipatukako pang'ono.

Nyumba sanaigwetse ayi. Anangoitana mmisiri, nazula felemu ya chitseko n'kuibwezera mopendekeka pang'ono, ngati munthu wokupatsa moni akuyang'ana kumbali. Ndalama zinapita zoti ine ndikanalipira lendi miyezi ingapo.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Sukulu itandikwera m'mutu, ndinaseka. Ndinati, "Mayi, akuberani! Singano ya kampasi siloza kumpoto kwenikweni, komanso zitsulo za m'khoma zimaisokoneza." Zomwe ndinanenazo n'zoona, mpaka lero sindinasinthe. Koma mayiwo anangondiyang'ana, nati, "Mwana wanga, kwanu maliro akachuluka pakhomo, mumangokhala manja lende?"

Ndinasowa pogwira. Ndinakumbukira chaka chimene tinaika azichemwali anga awiri motsatizana. Bambo, mkulu wa mpingo weniweni, anabwera ndi sing'anga usiku kudzatsirika nyumba, ngodya zonse zinayi, natilumbiritsa kuti tisauze munthu. Mlendo akanawaseka usiku umenewo, kodi ine ndikanamukhululukira?

Masabata atatu anatha mayiwo osandiikiranso zipatso pakhomo monga ankachitira. Mapeto ake ndinagula tiyi wabwino n'kukapepesa, ndipo ndinalowera pakhomo lopendekeka lomwelo nditaweramitsa mutu.

Sitolo ija sinatsegulidwenso. Mwana wawo anakalowa ntchito ku Kaohsiung. Koma nyali ya kuchipinda kwa mayiwo, yomwe inkachezera kuyaka, inayamba kuzima nthawi yabwino. Ankakolopa pakhomo m'mawa uliwonse, n'kuyambanso kuitana anzawo kudzamwa tiyi.

Tsono abale anzanga, ine za madigiri 202 ndi theka sindizikhulupirira. Koma mukadzaona mnzanu wofedwa akupotoza khomo la nyumba yake, musathamangire kumuphunzitsa za maginito. Yambani mwamufunsa kuti wagona bwanji.